Mapule, malamba ndi makebulo: bwanji masamu akunena zina, manja n'kumamva zina?

Wophunzira:

Moni akuluakulu nonse. Ndikupempha mundimasulire zinthu zitatu zokhudza mapule, chifukwa pa pepala zimaoneka zophweka koma pa ntchito zimasemphana.

Choyamba, katundu wa makilogalamu 200, buloko ya mapule awiri m'mwamba, ina ya mapule awiri m'munsi, zingwe zinayi zanyamula katunduyo. Masamu akuti munthu akoke ndi mphamvu ya makilogalamu 50 basi. Nanga bwanji pokoka pamalemera kuposa apo? Kodi kuwonjezera mapule kungathetse vutoli?

Chachiwiri, mota ya 2.2 kW yozungulira ka 1450 pa mphindi, pamene makina oti iyendetse akufuna cha m'ma 480. Mapule akule bwanji, lamba atalike bwanji, nanga kukunga koyenera n'kotani?

Chachitatu ndi zowongolera za waya, monga kebulo ya buleki, ya kilatchi, ngakhalenso zingwe zowongolera ndege zing'onozing'ono. Zimagwira bwanji ntchito, ndipo n'chiyani chimachititsa kuti chogwirira chiyende kaye chabe kutsogoloko kusanamveke kanthu? Zikomo.

Sipanala17:

A Wophunzira, ine nditenga la zingwe, la malamba ena adzalongosola.

Masamu anuwo sanalakwe, angosiya chinthu chimodzi panja. Pule siibala mphamvu ayi, imangosinthanitsa mphamvu ndi mtunda. Kuti katundu akwere mita imodzi, chingwe chilichonse mwa zinayi zija chiyenera kufupika ndi mita imodzi, ndiye inuyo mukoka mamita 4. Pamenepo m'pamene pachokera 50 wanu uja. Powerenga, muziwerenga zingwe zokhazo zimene zafika pa buloko yoyenda ndi katundu. Chimene chachoka pa pule ya m'mwamba kutsikira m'manja mwanu sichiwerengedwa, chija changotembenuza njira yokokera.

Chimene mwasiya ndi kukhulana. Pa pule iliyonse mphamvu imatayika pawiri: pa pini pamene gudumu likuzungulira, ndi m'kati mwa chingwe momwemo, chifukwa chimapindika polowa n'kuwongokanso potuluka, ulusi wake ukukhulana wokhawokha. Pa pule ya bushi wamba yokhala ndi chingwe cha ulusi, amisiri amawerengera kuti pafupifupi 10 peresenti imatsalira pa pule iliyonse. Tsono tsatirani chingwe kuchokera m'manja mwanu. Mukakoka ndi 100, chikadutsa pule yoyamba chatsala ndi 90, yachiwiri 81, yachitatu 73, yachinayi 66. Phatikizani zinayizo, mupeza 310 osati 400. Ndiye kuti mapule anuwo akuchulukitsa mphamvu ka 3.1, ndipo 200 kugawa ndi 3.1 ndi makilogalamu pafupifupi 65. Ndi amenewo mukuwamva m'mikono. Pini ikakhala youma kapena ya dzimbiri, mupitirira apo.

Kuwonjezera mapule kumathandiza, koma phindu lake limanka lichepa. Pa mapule a mtundu womwewo, zingwe 6 zikupatsani 4.2, ndiye mukoka makilogalamu 47. Zingwe 8 zikupatsani 5.1, makilogalamu 39, koma mukoka mamita 8 pa mita iliyonse. Ngakhale mutadzaza mapule denga lonse, pa kutayika kwa 10 peresenti simungapitirire 9. Njira yanzeru ndi kusintha mtundu wa pule. Ya bering'i imataya cha m'ma 3 peresenti: 97, 94, 91, 89, pamodzi 371, ndiye katundu yemweyo pa zingwe zinayi zomwezo akufuna makilogalamu 54. Onetsetsaninso kuti zingwe zili chilili moyandikana, osapingasana kapena kukhudza m'mbali mwa buloko, chifukwa chingwe chokhula pa chitsulo chimadya mphamvu kuposa pule imene.

Potsitsa katundu kukhulana komweku kumakhala kumbali yanu, n'chifukwa chake kugwirizira katundu m'malere kumapepuka kusiyana ndi kumukweza. Zisakunamizeni kuti zapepuka.

Chimene ambiri amaiwala ndi pokoleka buloko ya m'mwamba. Pamenepo panyamula katundu, kuphatikiza mphamvu yanu yokokera pansi, kuphatikizanso kulemera kwa mabuloko: 200 ndi 65 ndi kale 265. Pule imodzi yokha yongotembenuza chingwe ndiye imapusitsa kwambiri. Katundu wa 200 mbali iyi, inu 200 mbali inayo, mtanda wanyamula 400 ndi kanthu. Chingwe chikakhota madigiri 90 pa pule, pokolekapo pamamva kulemera kwa katundu kuchulukitsa ka 1.4.

Za chingwe chenichenicho. Pule isachepe poyerekeza ndi kunenepa kwa chingwe. Cha ulusi chimafuna pule yoposa kunenepa kwake ka 8 kapena ka 10, ndiye cha mamilimita 12 chipatseni pule ya mamilimita 100 kupita m'mwamba. Cha waya chisatsike ka 18 kapena ka 20, ndipo ikakula kuposa apo chimakhalitsa. Pule yaing'ono imapinda timawaya mopyola, timatopa n'kuyamba kuduka kamodzikamodzi. Ngalande ya pule ikule pang'ono chabe kuposa chingwe. Ikathina imachipana, ikatakasuka kwambiri chimaphwatalala. Mphamvu yodukira chingwe igaweni ndi 5 kuti mupeze katundu wololedwa, ndipo chiwerengero chimenechi n'cha katundu, si chonyamulira anthu. Mfundo imafooketsa chingwe cha ulusi ndi gawo limodzi mwa atatu, nthawi zina mpaka theka.

Pomanga diso la waya, ikani thimble, kachitsulo kopindika ka ngalande koteteza waya, m'kati mwa disolo, kenaka zomangira za U zitatu kapena kuposa, zotalikirana ka 6 kunenepa kwa waya. Chitsulo cha U chikhale ku mbali ya nsonga yotsala, chishalo chake chikhale ku mbali yonyamula katundu. Mukatembenuza, U uja amafinya waya wonyamula. Mukanyamula katundu koyamba, mangitsaninso manati chifukwa waya amaonda akakokedwa. Waya wothyoka mfundo, wotupa ngati chisa, kapena woduka timawaya 6 pa kachigawo kotalika pafupifupi ka 6 kapena ka 7 kunenepa kwake, ngakhale titatu pa chipote chimodzi (kagulu ka timawaya topotedwa pamodzi), achotsedwe pa ntchito. Ndipo pansi pa katundu wolendewera pasaime munthu, ngakhale kwa kamphindi.

Fitala_wa_Mashini:

A Sipanala17 afotokoza bwino, ndipo lamulo lomwelo la kusinthanitsa likugwiranso pa lamba, kungoti pano tikusinthanitsa liwiro ndi mphamvu yopotokola.

Lamba amathamanga liwiro limodzi pa mapule onse awiri. Choncho dayamita ya pule ya mota kuchulukitsa ndi kuzungulira kwake ikhale yofanana ndi dayamita ya pule ya makina kuchulukitsa ndi kuzungulira kwake. Inu muli ndi 1450 ndipo mukufuna 480, ndiye 1450 kugawa ndi 480 ndi 3. Ikani pule ya mamilimita 100 pa mota, ya 300 pa makina. Pa pepala zikupatsani 483, koma lamba wa V amatsetsereka pang'ono, 1 kapena 2 peresenti, ndiye yembekezani cha m'ma 475. Dayamita yowerengera si ya m'mphepete mwenimweni, ndi ya pamzere pamene padutsa ulusi wa m'kati mwa lamba, imene imachepa ndi mamilimita angapo. Pa pule yaikulu kusiyanaku sikuoneka, pa yaing'ono kumasintha liwiro.

Mphamvu yopotokola ya mota mumaipeza pochulukitsa 9550 ndi ma kW n'kugawa ndi kuzungulira: 9550 kuchulukitsa 2.2 kugawa 1450 ndi 14.5 Nm. Ku makina ifika katatu, kuchotsa zotayika m'lamba, pafupifupi 41 Nm. Shafuti ndi kiyi ya ku makina ndiye zikhale zoti zipirire zimenezo.

Samalani musasinthanitse mapule. Ya 300 ikapita pa mota, makina azungulira ka 4350. Mwala wonolera, sowo kapena chikupizo chili ndi malire ake olembedwa ndi opanga, ndipo chikapitirira chimaphulika. Werenganinso chikwangwani cha pa mota. Pa magetsi a 50 Hz mota ya mapolo (mitu ya maginito ya m'kati mwake) anayi imazungulira cha m'ma 1450, ya mapolo awiri cha m'ma 2900. Pa 60 Hz ya mapolo anayi yomweyo ifika cha m'ma 1750.

Wina angafunse kuti bwanji osaika pule ya 50 ndi 150, poti chiwerengero n'chomwecho. Lamba aliyense ali ndi pule yochepetsetsa imene angapindike nayo osapsa. Lamba wa A, wa mamilimita 13 m'lifupi ndi 8 kunenepa, asatsike pa pule ya mamilimita 75. Wa B, 17 ndi 11, amafuna 125. Wa C, 22 ndi 14, amafuna 200. Pule yaing'ono imathanso kugwira lamba pamalo ochepa, ndiye amatsetsereka. Pa 2.2 kW ndi pule ya 100, lamba mmodzi wa A akhala pa malire, makamaka ngati makina ndi oyamba molemera. Ikani mapule a ngalande ziwiri ndi malamba awiri.

Mtunda wa pakati pa mashafuti ukhale pakati pa 0.7 ndi 2 kuchulukitsa ndi madayamita awiri ophatikiza. Anu ndi 400, ndiye pakati pa mamilimita 280 ndi 800. Titenge 500. Kutalika kwa lamba kuli ndi zigawo zitatu: mtundawo kawiri, 1000, madayamita ophatikiza kuchulukitsa 1.57, ndiye 628. Kenaka kusiyana kwa madayamita, 200, kuchulukitsa ndi iko komwe n'kugawa ndi mtunda kanayi, 40000 kugawa 2000, ndiye 20. Pamodzi 1648. Sankhani lamba wopezeka woyandikira chiwerengerochi, kusiyana kotsalako mukonze posuntha mota pa njanji zake. Pa mtunda umenewu lamba akulunga pule yaing'ono madigiri 157, zomwe zili bwino. Zikatsika pa 120 mphamvu yogwira imachepa kwambiri.

Tsono kukunga, pamene malamba ambiri amafera. Thimitsani magetsi n'kutseka switchi kaye. Masulani mabawuti a mota, iyandikizeni, lamba alowe ndi manja okha. Kumupanikiza ndi sikuludiraiva kumadula ulusi wa m'kati umene simuuona, ndipo lambayo adzayamba kugudubuzika m'ngalande pakapita masiku ochepa. Mukakunga, kanikizani pakati pa mbali yowongoka. Lamulo ndi mamilimita 16 pa mita iliyonse ya mbaliyo, ndiye pa yanu ya pafupifupi 490 alowe mamilimita 8, ndi mphamvu imene opanga lambayo alemba pa tebulo lawo. Pali kachipangizo ka sipuling'i koyezera zimenezi, chala chokha chimanama. Lamba watsopano amakhazikika m'ngalande n'kukhwepa, ndiye yezaninso akagwira ntchito tsiku limodzi.

Akakhwepa amalira kuti kwii poyamba, amatentha, m'mbali mwake mumasalala ngati galasi, kenaka amang'aluka. Akakungika mopyola salira konse, ndipo n'chifukwa chake anthu amaona ngati zili bwino, koma amene akuvutika ndi mabering'i a mota, nthawi zina shafuti imene. Kukunga koyenera ndi kochepetsetsa kumene lamba satsetsereka nako pa katundu wolemera kwambiri.

Kulunjikitsa mapule: gonekani chitsulo chowongoka kapena kungani ulusi pa nkhope za mapule onse awiri. Chikhudze malo anayi, awiri pa pule iliyonse. Kupatuka kusapitirire theka la digiri. Lamba akamadyeka mbali imodzi yokha, kapena mukamaona fumbi lakuda pansi pake, yambani mwakayikira pamenepa.

Chinanso chofunika kumvetsa n'chakuti lamba wa V amagwira ndi m'mbali, sakhudza pansi pa ngalande. Amalowa mothina m'ngalande, katundu akamakula iye n'kumapanikizika kwambiri. Choncho mukaona pansi pa ngalande pakunyezimira, pule yadyeka kapena lamba si wa saizi yake, ndipo kukunga sikuthandizanso. Pule yodyeka imamaliza lamba watsopano msanga. Pa malamba awiri kapena atatu, mmodzi akatha sinthani onse, chifukwa watsopano ndi wamfupi ndipo anyamula yekha katundu yense. Oyilo ndi girizi zisafike pa lamba. Mashafuti akakhala mogona, konzani kuti mbali yokoka ikhale pansi, yokhwepa m'mwamba, kuti kulendewera kwake kuwonjezere kukulunga. Ngati mota singasunthike ndipo mukufuna pule yokungira, ikhale ku mbali yokhwepa: ya m'kati iyandikire pule yaikulu, ya kunja iyandikire yaing'ono. Pomaliza bwezerani chotchingira, chifukwa pamene lamba akulowa m'pule pamakoka chala kapena malaya munthu asanaphethire.

Wophunzira:

Zikomo kwambiri nonse awiri, zamveka. Kafunso kakang'ono a Fitala_wa_Mashini: nanga lamba wafulati, amene alibe ngalande, bwanji sagwa pa pule? Ndipo ngati makina safuna kutsetsereka ngakhale pang'ono?

Fitala_wa_Mashini:

Pule ya lamba wafulati imakhala yotumbika pang'ono pakati, ndipo lamba woyenda amakwerera yekha pamalo okwera kwambiri, ndiye amadzibwezera pakati. Akamathawira mbali imodzi, mashafuti sali mofanana kapena polumikizira lamba panadulidwa mokhota. Pofuna kuti mashafuti asasemphane ngakhale dzino limodzi, monga pakati pa crankshaft ndi camshaft, mashafuti a m'injini, pamaikidwa lamba wa mano kapena tcheni. Kumbukirani kuti kutsetsereka kwa lamba wa V kumatetezanso makina akakakamira mwadzidzidzi. Wa mano alibe chifundo chimenecho, amathothoka mano kapena kuthyola china.

Waya7x19:

Ndiyankhe lachitatu lija, a Wophunzira, chifukwa ndi pamene pule imasiya kunyamula katundu n'kuyamba kunyamula uthenga. Pa zowongolera sitifuna mphamvu yokha, tikufuna kuti dzanja likayenda mamilimita 5, kutsogolo kuyendenso mlingo wake nthawi yomweyo.

Poyambira ndi apa: waya amakoka, sakankha. Choncho pali njira ziwiri. Yoyamba ndi waya mmodzi wokoka, sipuling'i n'kumabweza, monga pa buleki ya njinga, kilatchi ndi moto wa injini. Yachiwiri ndi mawaya awiri opanga mkombero, wina akamakoka wina akumasula, monga pa chiwongolero cha boti kapena pa zipsepse za ndege. Pa njira yoyamba, sipuling'i ikaduka kapena waya akakakamira, chinthucho sichibwerera. N'chifukwa chake njinga zamoto zambiri zili ndi makebulo awiri pa chogwirira cha moto, wotsegula ndi wotseka.

Kebulo ya m'chikopa imadziwika ndi dzina la Bowden, kuchokera kwa Ernest Bowden amene anailembetsa m'zaka za m'ma 1890. Nzeru yake ndi yakuti waya wa m'kati akamakokedwa, chikopa cha kunja, chomwe ndi waya wopotedwa mothinana, chimakankhidwa ndi mphamvu yofanana. Malinga nsonga ziwiri za chikopa zatsamira zolimba pa zoimitsa zake, njira ya pakati ikhoza kukhotakhota. Nsonga imodzi ikachoka pamalo pake kapena chikopa chikaphwanyika, chogwirira chimangofinya chikopacho, kutsogolo osafika kanthu. Kabawuti koboola pakati kamene mumapotokola pa chogwirira sikafupikitsa waya ayi, kamatalikitsa chikopa, ndipo zotsatira zake n'zofanana.

Kukhulana kwa m'kebulo kumadalira kuchuluka kwa makona onse ophatikiza, ndipo kumakwera mochulukitsa osati mophatikiza. Titenge kebulo yoterera bwino, ya mlingo wa kukhulana 0.1. Makona onse akakwana madigiri 180, mukoka ka 1.37 kuposa mphamvu yofika kutsogolo. Akakwana 360, ka 1.87. Ikauma mlingo n'kufika 0.15, ziwerengerozo zisanduka 1.6 ndi 2.6. Choncho kebulo yolemera musayambe ndi kuikunga. Yambani mwachotsa makona osafunika, ndipo otsalawo akhale otakasuka kuti chikopa chisathyoke. Makebulo okhala ndi pulasitiki yoterera m'kati nthawi zambiri safuna oyilo, mafuta ena amatupitsa pulasitikiyo.

Kuyenda chabe kumene mwafunsako kuli mitundu iwiri, ndipo m'pofunika kuisiyanitsa. Kwina n'koikidwa dala. Kilatchi ya njinga yamoto nthawi zambiri imasiyidwa mamilimita 10 mpaka 20 pa nsonga ya chogwirira, moto mamilimita 2 mpaka 6, koma buku la makinawo ndilo lomaliza kunena. Popanda mpata umenewu kilatchi imakhala yokanikizika pang'ono nthawi zonse n'kupsa, ndipo moto umadzikwerera mukakhotetsa mahandulo. Kwina ndi kwa matenda: waya wotamuka, mabowo a mapini odyeka n'kukhala ngati dzira, bulaketi yopindika pokoka, pule yogwedera pa pini yake. Mipata imeneyi imaphatikizana. Mapini anayi ogwedera theka la milimita iliyonse ndi mamilimita 2, ndipo ngati chogwirira chimachulukitsa kasanu, dzanja liyenda mamilimita 10 pachabe. Poufufuza, wina agwire zolimba mbali ya kutsogolo, inu muzigwedeza chogwirira pang'onopang'ono mukuyang'ana polumikizira paliponse. Pamene mbali imodzi ikuyenda inzake itaima, vuto lili pomwepo.

Kachitsulo kooneka ngati L kozungulira pa pini kamatembenuza njira, komanso kamasintha mlingo. Waya akakoka mkono wa mamilimita 120, wa 40 n'kumakankha, mphamvu ichuluka katatu, mtunda uchepa katatu. Konzani kuti waya apange madigiri 90 ndi mkonowo pakati pa ulendo wake. Mukapanda kutero, mbali imodzi iyenda kwambiri kuposa inzake ndipo kumapeto kumalemera.

Pa ndege ndi pamene malamulo amakhwima, ndipo ndi abwino kuphunzirapo ngakhale mukukonza makina a pansi. Waya wa 7x19, kutanthauza zipote 7 za timawaya 19, ndi wofewa ndipo ndi amene amadutsa pa mapule. Wa 7x7 ndi wolimbirapo, woyenera njira zowongoka. Pa zowongolera zikuluzikulu za ndege zing'onozing'ono kunenepa kwa waya sikutsika mamilimita 3.2. Pule iliyonse imakhala ndi kapini kotchinga pafupi ndi m'mphepete mwake kuti waya akakhwepa asadumphe n'kukakamira pakati pa pule ndi bulaketi. Kabowo kongotsogolera waya sikaloledwa kumukhotetsa kupitirira madigiri 3, kupyola apo pamafunika pule. Kukunga kumachitika ndi turnbuckle, chitsulo cha mizere yamanja mbali ina ndi yamanzere mbali inayo. Mizere ya bawuti yoonekera kunja isapitirire itatu mbali iliyonse, ndipo akamaliza amamanga ndi waya wotsekera kuti isamasuke ndi kunjenjemera.

Kukungako amayeza ndi tensiometer, akuyang'ananso kutentha kwa tsikulo. Chifukwa chake n'chakuti aluminiyamu wa thupi la ndege amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo cha waya. Pa mamita 10, kutentha kukakwera madigiri 30, aluminiyamu atalika pafupifupi mamilimita 7, chitsulo 3.6 okha. Ndiye kukatentha waya amakungika, kukazizira amakhwepa. Poyendera, amapukuta waya ndi kansalu, ndipo pamene kakodwa pali kawaya koduka, makamaka pamalo odutsa pa pule. Pule imene imangozungulira kachigawo kakang'ono imadyeka malo amodzi, choncho amaitembenuzako. Ntchito ikatha, wina amayendetsa chogwirira wina akuyang'ana ngati chipsepse chapita mbali yoyenera, chifukwa mawaya awiri osinthanitsidwa amagwira ntchito bwinobwino, koma mobwerera.

Mmisiri_wa_Injini:

Ndiwonjezereko chimodzi chimene sichinatchulidwe. Zonse afotokoza a Waya7x19 zimadikira dzanja la munthu. Palinso zowongolera zimene zimadziyang'anira zokha, ndipo chodziwika kwambiri ndi gavanala. James Watt anaika gavanala wa mipira iwiri pa injini ya nthunzi mu 1788, ndipo James Clerk Maxwell anafotokoza masamu a kusakhazikika kwake mu 1868. Nzeru yomweyo ili m'kati mwa injini zing'onozing'ono za jenereta ndi mapampu lero.

M'gavanala muli tizitsulo tolemera tozungulira limodzi ndi injini. Liwiro likakwera timatambasukira kunja, n'kukankha mkono umene umatseka moto. Mbali inayo kuli sipuling'i yokokera moto kotsegula. Injini imakhazikika pamene awiriwa alingana mphamvu. Mphamvu ya tizitsuloto imakwera ndi liwiro kuchulukitsa ndi ilo lomwe, ndiye liwiro likakwera 10 peresenti iyo ikwera 21, n'chifukwa chake gavanala amamva msanga. Chogwirira cha liwiro pa injini zotere sichitsegula moto mwachindunji, chimangokunga sipuling'i.

Gavanala wotere sangasunge liwiro limodzi ndendende. Kuti atsegule moto, liwiro liyenera kutsika kaye pang'ono. Kutsikaku, kuchokera popanda katundu kufika pa katundu wodzaza, kumakhala cha m'ma 3 mpaka 5 peresenti pa jenereta. Choncho jenereta ya mapolo awiri yofunika 3000 pa mphindi kuti ipereke 50 Hz imaikidwa pamwamba pang'ono ikakhala yopanda katundu, cha m'ma 3100 kapena 3150. Mukayesa kuthetseratu kutsikaku posunthira sipuling'i pa bowo lomva kwambiri, injini imayamba kukwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, chifukwa gavanala akukonza mopyola mbali zonse.

Kukwera ndi kutsika kumeneku kuli ndi zoyambitsa zina, ndipo musanakhudze sipuling'i yesani izi. Gwirani mkono wa moto ndi chala kuti usagwedere. Injini ikapitiriza kusakhazikika, vuto ndi mafuta, kawirikawiri kajeti kotsekeka m'kabuleta kapena mpweya wolowa pa gasiketi. Ikakhazikika, yang'ananinso ndodo yolumikizira: mabowo odyeka, dothi pa pini, kapena kasipuling'i kowonda kozungulira ndodoyo, kamene ntchito yake ndi kuchotsa kugwedera, kaduka kapena kasowa. Mpata umene pa buleki umangokwiyitsa, pa gavanala umachedwetsa uthenga, ndipo kuchedwako ndiko kumabala kusakhazikika.

Mukamasula mkono wa gavanala pa shafuti yake, pobwezera injini ikhale yozima: kankhirani moto potsegula kotheratu, potokolani kashafuti ka gavanala mbali yomweyo mpaka kaime, ndiye mumange nati. Poliza koyamba dzanja likhale pa chozimitsira. Pa makina amene gavanala amayendetsedwa ndi lamba, lambayo akaduka tizitsulo timagwa ngati injini yaima, moto n'kutseguka wonse. Makina otere amafunika chozimitsira china chapadera choyang'anira liwiro lopyola, ndipo lamba wa gavanalayo aziyenderedwa tsiku lililonse asanalize injini.